Mpikisano Umene Ndinaumaliza Usanayambe

Mukadzakwera phiri la Zomba tsiku lina n'kumva anthu a kalabu yathu akuchenjezana kuti "musachite za a Mkonzi", dziwani kuti a Mkonziwo ndine, ndipo mawuwo si ondiyamikira. Ndaganiza zofotokoza ndekha mmene zinayendera, chifukwa kakanema kamene kanazungulira m'mafoni kamangoonetsa kumapeto, miyendo yanga ili m'mwamba.

Kalabu yathu ndi ya opalasa mabwato. Inde, ku Zomba konkuno, pamwamba pa phiri. Kumtundako kuli kadamu kena pakati pa mitengo ya paini, ndipo azungu ena amene ankaphunzitsa ku yunivesite anasiyako mabwato apulasitiki pobwerera kwawo. A Namakhwa, mphunzitsi wa sekondale amene ankapalasa nawo, anasonkhanitsa anzawo a m'maofesi a boma ndi a ku koleji kuti mabwatowo asamangokhala. Zinali zaka zija zipani zitangochuluka kumene, pamene aliyense wokhala ndi taipilaita ankatulutsa nyuzipepala yake. A Namakhwa nawo sanafune kutsalira. Anayambitsa kanyuzi ka kalabu, n'kukapatsa dzina loti Nkhafi.

Masiku amenewo Nkhafi inali ndi ntchito. Ukafuna kudziwa Loweruka lokwera phiri, pikapu inyamukira pati, kapena ndani wabweza nkhafi yothyoka mwakachetechete, unkadikira Nkhafi. Tinkaipukusa pa makina a sitensulu, inki kufika m'zigongono. Kenako maofesi ambiri atasamukira ku Lilongwe, anzathu ochuluka anapita nawo, ndipo kanyuzi kathu kanasanduka kalata yochokera kumudzi. Tinkawatumizira papositi, iwo n'kumayankha kuti apukwa chifunga cha paphiri. Nthawi imeneyo ndi imene a Namakhwa anandisiyira ukonzi. Ine ntchito yanga ndi ya ukalaliki, kulemba ndimakukonda, ndipo kupalasa ndimakudziwa bwino kwambiri ndikaima kumtunda. (Ndinalembapo nkhani zambiri zolangiza anthu kagwiridwe ka nkhafi. Palibe anandifunsapo kuti ndinalowa liti m'bwato komaliza, ndipo ine sindinaone chifukwa choyambitsira nkhani imeneyo.)

Ndiye kunabwera mafoni awa. Wina anatsegula gulupu ya kalabu, basi zonse zinasamukira mmenemo: tsiku lokumana, zithunzi, maliro, mapemphero a m'mawa, ngakhale malonda a nkhuku. Nkhafi ikamatuluka, anthu ankailandira mwaulemu, kuipinda kawiri, kuiika m'thumba lakumbuyo n'kuikhalira.

Wapampando wathu ndi mayi Kamwendo, mphunzitsi wa ku yunivesite, munthu wosakweza mawu koma wosabwerera m'mbuyo. Tsiku lina titakhala pansi pa mapaini anandiyang'ana mwachifundo.

"A Mkonzi, musakhumudwe ndi zimene ndinene. Nkhafi imatiuza mwezi uno zimene tinaona pafoni mwezi watha. Kodi tikuifunabe?"

Anthu anayang'ana pansi. Anagwirizana kuti pa tsiku la mpikisano wa pachaka, tikatha kudya, tidzakweza manja: Nkhafi ipitirire kapena ipume.

Zinandiwawa, sindinama. Kanyuzi kameneka ndinakalera ngati mwana wosiyidwa ndi mbale wako. Komanso panali a Namakhwa. Iwo anali atapuma ntchito n'kukakhala ku Malosa, kenako anadwala sitiroko imene inawafooketsa mbali imodzi. Foni yamakono sankaigwira. Za kalabu imene anaiyambitsa okha ankazimvera mu Nkhafi basi.

Ndinabwerera kunyumba ku Chikamveka mutu uli gwa. Ngati vuto la Nkhafi ndi kuchedwa, ndinadziuza, ndiye ifulumire. Ifulumire kuposa foni. Anthu akangotuluka m'madzi, asanapukute n'komwe manja kuti agwire mafoni awo, ine ndiwagawire nkhani yonse ya mpikisano yosindikiza kale. Adzakweza manja ati pamenepo?

Musaseke msanga, maganizowo anali ndi maziko. Mpikisano wathu unkayenda chimodzimodzi chaka ndi chaka. M'mawa kumachita chifunga, timachedwa kuyamba. Chifunga chimachoka. Che Saidi, dalaivala wa ku ofesi ina ya boma amene anakulira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndipo anayamba kupalasa asanayambe sukulu, amapambana. Mayi Kamwendo amakhala achiwiri. Wina amaiwala mchere wa nyama. Ndinavundukula ma Nkhafi akale kuti nditsimikize, ndipo ndinapeza kuti kwa zaka zambiri ndakhala ndikulemba nkhani imodzi yomweyo, kungosintha mtundu wa malaya a anthu.

Lachinayi ndinakhala pansi n'kulemba mpikisano wa Loweruka. Unayenda bwino kwambiri.

Masiku ano timasindikiza pa makina a fotokope m'sitolo ya a Ibrahim m'tauni, amene banja lawo lagulitsa mapepala ndi zolembera kuyambira kalekale. Lachisanu masana amatseka kupita kukaswali, ndipo madzulo ake magetsi sadalirika, choncho ndinalawirira m'mawa. A Ibrahim ali ndi chizolowezi chowerenga chilichonse chimene akusindikiza. Tsamba loyamba litatuluka analiyandikitsa kumaso, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, mpikisano uwu wachitika liti?"

"Mawa."

Anaika tsambalo pansi. "Za mawa amadziwa ndi Mulungu. Koma ine ntchito yanga ndi kusindikiza."

Anandilongedzera mapepalawo m'katoni. Potuluka ndinakumana ndi Linesi, mwana wa a Namakhwa, amene amagwira ntchito m'tauni n'kumabwerera ku Malosa madzulo. Ndinasolola Nkhafi imodzi, kuiika mu envelopu n'kumupatsa.

"Iyi ndi ya madala. Koma muwapatse Lamlungu, osati lero."

"Chabwino, a Mkonzi," anatero uku akuthamangira ku ntchito. Sindikhulupirira kuti mawu omalizawo anawamva.

Kunyumba katoni ija ndinaiika pafupi ndi chitseko kuti ndisaiiwale. Akazi anga, mayi a Tadala, sindinawauze kanthu, poti ndinkadziwa kuti akanandifunsa funso limodzi lokha ndipo ine ndikanasowa yankho. Iwo ndi amene amakazinga mandasi a tsiku la mpikisano chaka chilichonse. Ndiyeneranso kunena kuti m'nyumba mwathu muli makatoni ena ofanana ndi imeneyo, a ma Nkhafi otsala a miyezi yapitayo. Ndinkaona ndithu kuti akuchepa pang'onopang'ono, ndipo mumtima ndinkanyada poganiza kuti ana amapatsako anzawo okonda kuwerenga.

Loweruka tinakwera phiri pa pikapu ya che Saidi, mseu wokhotakhota uja, ife kumbuyo titakumbatira mafulasiki. Amayi ogulitsa mabulosi anali atayala kale mbale zawo m'mbali mwa mseu. Titafika pa damu, chifunga chinali tolo, tsidya osaoneka. Ndinamwetulira ndekha. Ndime yanga yoyamba inali itakwaniritsidwa.

Mpikisano wathu ndi wosavuta kuumvetsa. Mabwato amanyamukira gombe lino n'kukagunda mbendera imene imazikidwa tsidya linalo, ndipo oonerera amazungulira wapansi kukawachingamira. Kuzika mbendera ndi ntchito ya mkonzi, chifukwa ndiye amaima pamenepo ndi cholembera. Ndinanyamula mbendera yanga, kuzungulira damu, kuizika bwinobwino m'matope, n'kubwerera ndikuimba kamluzu kuti ndikamwe tiyi tisanayambe.

Ndikuyandikira, ndinadabwa kuti kuli zii. Kalabu yathu sikhala chete. Nditatulukira m'mapaini ndinaona chinthu chimene ndinachilota kwa zaka zambiri: mamembala onse, wina pa chitsa, wina pa bwato lovundikira, wina chiimire, aliyense akuwerenga Nkhafi. Palibe amene anagwira foni. Mtima wanga unasefukira. Kwa kanthawi kochepa ndinali munthu wokondwa kuposa onse paphiripo.

Kenako ndinaona madontho a mafuta pa mapepalawo, ndi mandasi m'dzanja linalo la aliyense.

Ndinathamangira kwa mayi a Tadala, amene anali atagwada pafupi ndi beseni lawo, katoni yanga ili yasa pambali.

"Mayi a Tadala, mwatani?"

"Ndatani chiyani? Anthu azizidwa, ndawapatsa mandasi."

"Mapepalawa!"

"Iii, bambo a Tadala, chaka chilichonsetu ndimakulungira omwewa. Otsala aja. Inu mumati amapita kuti? Ndaipeza pakhomo katoniyi, ndimati mwanditulutsira. Mapepala anu ndi abwino, amamwa mafuta."

Umu ndi mmene ndinadziwira, pa nthawi imodzi, kuti ana anga alibe anzawo okonda kuwerenga, ndiponso kuti zotsatira za mpikisano zagawidwa mpikisano usanayambe.

Anayamba ndi che Saidi. Anaimirira, kukonza kukhosi, n'kuwerenga mokweza ngati wa pa wailesi: "Che Saidi, monga mwa masiku onse, anagunda mbendera poyamba osatuluka ngakhale thukuta." Anandiweramira. "Zikomo kwambiri, a Mkonzi. Ndiye ndapambana kale eti? Basi ndisalowenso, madzi akuzizira awa."

Anthu anafa nalo phwete. Ine ndinasekako pang'ono, poganiza kuti mwina zithera pomwepo. Koma bambo wina wa ku koleji, wongolowa kumene m'kalabu, anaponya nthabwala imene sinayenera kuponyedwa.

"Che Saidi, mwawapatsa chiyani a Mkonzi kuti akulembereni chonchi?"

Nkhope ya che Saidi inasintha. Munthu uja ndi wanthabwala, koma pa za bwato saseka.

"Achimwene, ine chibadwire sindinagulepo mpikisano. Ndikalowa n'kupambana, muti ndinagula. Ndikaluza, muti ndachita dala. Sindilowa." Anatola nkhafi yawo n'kundiloza nayo. "Amene waumaliza kale mpikisanowu ndi awa. Njira akuidziwa. Atenge bwato langa."

Onse anatembenukira kwa wapampando. Mayi Kamwendo maso anali papepala. Ankawerenga ndime yachitatu, ndipo ine ndinkaidziwa pamtima: "Mayi Kamwendo anayesetsa, koma monga chaka chatha, anakhutira ndi kukhala achiwiri." Anamaliza ndasi lawo modekha, kupukuta zala papepalapo, n'kulipinda.

"Ndinakhutira?" anafunsa motsitsa mawu.

(Ndinamva pambuyo pake kuti kwa miyezi ingapo mayiwa ankakwera phiri okha mbandakucha asanapite kukaphunzitsa, kukonzekera tsiku limeneli.)

"Apatseni jekete yoyandamitsa a Mkonzi," anatero. "Ayimange bwino."

Ndikanatha kukana. Koma munthu amene walemba nkhani zolangiza anzake kapalasidwe kwa zaka zonsezo akana bwanji pamaso pawo? Ndinalowa m'bwato la che Saidi, lopyapyala, lopepuka, losakhululuka. Chifunga chinapepukako pang'ono, wina anaimba wezulo, mabwato ananyamuka.

Langanso linanyamuka, kungoti linasankha kumanzere. Ndinapalasa mbali inayo, linapita kumanzerebe. Ndinakumbukira nkhani yanga ina yofotokoza mmene ungawongolere bwato, ndinatsatira malangizo ake onse mwandondomeko, ndipo ndinapezeka ndayang'anizana ndi gombe limene ndinachokera, anthu akundibayibitsa. Ndinazunguliranso. Ulendo wachiwiri anandiombera m'manja.

Mu Nkhafi ndinali nditalemba kuti chifunga chinachoka ndipo dzuwa linawala pa madzi. Chifunga sichinawerenge Nkhafi. Chinatsikanso chochindikala kuposa poyamba, mpaka nsonga ya bwato langa lomwe inayamba kuzimirira. Anzanga opikisana nawo anali atasowa kalekale. Mawu a anthu ankamveka kutsogolo, kenako kumbuyo, kenako mbali zonse. Ndinapalasa kwa nthawi imene kwa ine inali yaitali, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti ndili pakati penipeni pa damu, pamene amati mpozama kuposa mtengo wa paini.

Apa ndinachita chinthu chimene ndinaletsapo anthu m'zilembo zikuluzikulu pa tsamba loyamba. Ndinaimirira m'bwato kuti ndione kumene ndili.

Madzi a paphiri paja si madzi wamba. Amakuluma. Mpweya unandithawa, jekete inakwera mpaka m'makutu, nsapato imodzi inanditsanzika. Ndinakuwa. Akuti ndinaitana amayi anga, amene anatisiya kalekale, ndipo kakanema kamavomereza zimenezo. Ndinaphiriphitha ndi manja ndi miyendo, kulapa machimo amene ndinawakumbukira, kufikira phazi langa litagunda chinthu chofewa. Matope. Ndinaponda ndi linalo. Ndinaimirira, madzi n'kulekeza m'chiuno.

Nthawi yomweyo kamphepo kanakankha chifunga, ndipo ndinaona kuti ndili pafupi ndi pamene ndinanyamukira, poti munthu akhoza kukuponyera ndasi n'kuliwakha. Kalabu yonse inali ndondondo pagombe, aliyense foni m'mwamba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anazungulira kupita ku mbendera. Che Saidi anapinda buluku n'kulowa m'madzi, anayamba akokera bwato lawo kumtunda, kuliyendera ngati labooka, kenako anabwera kudzatenga ine.

Msonkhano unachitika ine nditafunda chitenje cha mayi a Tadala, nditayandikira mbaula ya nyama, mano akugundana. (Mchere anali atauiwaladi. Pamenepo pokha ndinalondola, koma panalibe woti ndimuuze.) Opikisana atabwerako tinamva kuti mayi Kamwendo ndi amene anagunda mbendera poyamba. Anthu anaomba m'manja mwachidule n'kubwerera ku mafoni awo kukaonanso kugwa kwanga. Wapampando anafunsa amene akufuna kuti Nkhafi ipume. Manja anakwera onse. Anafunsa amene akufuna ipitirire. Langa linali m'chitenje, ndipo ndinalisiya momwemo.

"Nkhafi yapuma," anatero mayi Kamwendo, mosanyoza, mosakondwa.

Tisanatsike n'komwe phiri, foni yanga inayamba kulira. Anzathu a ku Lilongwe, ena amene sanandiimbirepo chisamukire, ankafuna kudziwa ngati nsapato ija inapezeka.

Za envelopu ndinazikumbukira Lamlungu m'tchalitchi, ulaliki uli mkati. Titangoweruka ndinakwera minibasi ya ku Malosa, ndikupemphera kuti Linesi akhale asanaipereke.

A Namakhwa ndinawapeza pakhonde, pa mpando wawo wa manja, bulangete pamiyendo, Nkhafi yanga ili pamwamba pake. Chidwalire amalankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse amachita kulinyamula.

"A Mkonzi," anatero ndisanakhale n'komwe. "Mpikisano wa Loweruka ndinaumva Lachisanu. Mwapita patsogolo."

Linesi anatulukira ndi mpando, akubisa kuseka. "Pepani a Mkonzi. Amafunsa tsiku lililonse ngati Nkhafi yabwera, ndiye ataona envelopu sindikanawabisira. Dzulo ndawaonetsanso za pafoni zija."

Ndinayamba kupepesa, koma madala anakweza dzanja lawo labwino.

"Pafoni ndaona miyendo. Miyendo yokhayokha. Nanga wapambana ndani?"

"Mayi Kamwendo, bambo."

Maso awo anawala. "Kamwendo! Ndinamuphunzitsa ndine kugwira nkhafi ameneyo. Anadzera kuti? Mbali ya bango kapena anadula pakati?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Anawasiya patali anzake?"

"Sindinaone. Ndinali m'madzi."

"Ndiye tidzawerenga mu Nkhafi yotsatira."

Ndinayang'ana nsapato zanga (zatchalitchi, poti zinazo imodzi inatsala m'damu). "Nkhafi yapuma, bambo. Anakweza manja dzulo."

Anayang'ana phiri limene limaonekera pakhonde pawopo.

"Ine phiri lija sindidzalikweranso, mwana wanga," anatero. "Ndimalikwera mukanditumizira pepala."

Madzi a damu anandizizira, koma mawu amenewo anandilowa kuposa madziwo. Ndinkafuna kupambana foni, ndipo pothamangapo ndinataya chinthu cha munthu mmodzi amene sankasamala kuti nkhani yachedwa.

Mkati mwa sabata, ndili pa desiki ku ofesi, ndinangoona mayi Kamwendo alowa. Ndinaimirira msanga mpaka kugwetsa mafayilo. Anakhala pansi, kutulutsa foni, n'kuiika patsogolo panga.

"A Mkonzi, tafufuzani mu gulupu umu. Mundipezere chithunzi changa ndikugunda mbendera."

Ndinatsitsa, kutsitsa, kutsitsa. Ine ndikuzungulira. Ine ndikuimirira. Ine ndikugwa, wina atachedwetsa dala kuti zioneke bwino. Ine m'chitenje. Kenako mapemphero a m'mawa ndi malonda a nkhuku.

"Mulibe, mayi."

"Mulibe. Zaka zonsezi ndakhala ndikuona msana wa che Saidi. Tsiku limene ndafika poyamba, pa mbendera panalibe munthu. Ndinagunda, kucheuka, zii. Mayi wina wogulitsa mabulosi amene ankadutsa ndi amene anandiululutira." Anatenga foni yawo. "Ndipo ena ayamba kale kunena kuti sikupambana kwenikweni poti che Saidi sanalowe. Mulembe, a Mkonzi. Kamodzi kokha. Koma mulembe zimene zinachitika."

"Mayi, inetu sindinaone chilichonse."

"Ndiye mukafunse. Miyendo muli nayo, dziko lonse laiona."

Ndinayamba kuyenda. Chiyambire ukonzi wanga ndinali ndisanagwirepo ntchito ngati imeneyo. Ndinapita ku Likangala kwa bambo amene anafika kachiwiri, amene anandiuza kuti m'chifunga muja ankangotsatira phokoso la nkhafi ya mayi Kamwendo mpaka nalonso linamutayika. Ndinakweranso phiri kukafuna mayi wa mabulosi uja, ndinamupeza, ndipo anandifotokozera kuti bwato linatulukira m'chifunga lokhalokha, mayi wa m'katimo akupuma ngati wathamangitsidwa, n'kukhala nthawi yaitali atagwira mbendera osaitaya. (Anandigulitsanso mabulosi mbale ziwiri, poti nkhani yaulere kulibe.) Mayi Kamwendo eni ake anandiuza kuti anadzera mbali ya bango, chifukwa a Namakhwa anawaphunzitsa kale kuti chifunga chikatseka, bango ndi limene limakulondolera.

Komaliza ndinapita kwa che Saidi. Ndinawapeza akutsuka pikapu.

"Che Saidi, mukanalowa, mukanapambana?"

Anafinya chiguduli nthawi yaitali. "Achimwene, phewa ili landivuta chaka chino. Ndipo mayi aja ndinawaonapo m'mawa wina akupalasa okha. Akanandisiya. Pepala lanu lija linandipulumutsa." Anayang'ana uku ndi uku. "Lembani. Koma musachite kulemba m'zilembo zikuluzikulu."

Nkhafi imeneyo inatuluka mochedwa kuposa ina iliyonse m'mbiri yake, mu gulupu anthu ataiwala kale za ine n'kuyamba kukangana za mpira. A Ibrahim anaiwerenga yonse makina akulira, n'kungogwedeza mutu kuti iyi ndiye yachitika. Ndinalembamo zonse: bango, mbendera, nthungululu za mayi wa mabulosi, phewa la che Saidi m'zilembo zing'onozing'ono, ndi kuzizira kwa madzi monga anakumvera mkonzi.

Ya a Namakhwa sindinatumize. Ndinapita nayo ndekha n'kuwawerengera pakhonde paja. Anatsinzina. Nditafika pamene bwato la mayi Kamwendo likuyenda m'mbali mwa bango, ndinaona dzanja lawo labwino lija likuyenda pa mkono wa mpando, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo. Ankapalasa. Nditafika pa kugwa kwanga anaseka mpaka kutsokomola, Linesi n'kuthamanga ndi madzi. Pondiperekeza ku siteji, Linesi anandiuza kuti chidwalire bambo ake anali asanasekepo choncho.

Komiti inakumananso. Nkhafi inadzuka, koma si ija yakale. Zoti tikumana liti ndi za pafoni, ndipo ine ndinasiya kulimbana nazo. Nkhafi imatuluka pakachitika chinthu chofunika kuchifotokoza bwino, ndipo imatuluka mafoni atatopa nacho. Anandiikira malamulo awiri: mkonzi aziima pa mbendera mpaka bwato lomaliza lifike, ndipo mayi a Tadala asamapatsidwe pepala lililonse lisanawerengedwe ku Malosa. Nkhafi ya mayi Kamwendo ija ili mu felemu mu ofesi mwawo.

Mungaganize kuti ndinaphunzira. Ndinaphunziradi, mbali yaikulu. Kungoti mpikisano wa chaka chino ukuyandikira, ndipo sabata yatha dzanja linandiyabwa. Ndinalemba ndime yoyamba yokha, ya chifunga, poti chifunga sichinalepherepo. Wopambana sindinamutchule, ndikulumbira. Pepalalo ndinalibisa pamwamba pa kabati, kumene ndinkati palibe angalipeze.

Dzulo Tadala pobwera kusukulu anandipatsa pepala lonona mafuta n'kunena kuti, "Adadi, amayi akuti akuwerengerani nkhani yanu ya mwezi wamawa, koma akuti muyambe mwaona kaye ngati chifungacho chibwere."